Nyimbo Imene Ndinapekera Gulu Lina Inandithetsera Banja

Inu owerenga, ndiyambe ndi kuvomera kuti wolakwa ndine. Palibe anandilodza, palibenso anandinamizira. Banja langa ndinalithetsa ndekha ndi gitala yanga komanso pakamwa pangapa. Koma ndisakunamizeni kuti mtima wanga unakhala pansi, ayi. Mpaka lero nyimbo ija ikamveka pa wailesi ndimanyamuka n'kutuluka panja, chifukwa ndikakhala pomwepo ndikhoza kuphwanya wailesi ya eni ake. Ndikulemba izi kuti wina asadzachite uchitsiru umene ndinachita ine.

Ndimagwira ntchito yothyola tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo. Mkazi wanga anali Enelesi, wa m'mudzi wina kufupi ndi Masambanjati, ndipo monga mwa mwambo wa kuno ndinakakhala kwawo pa chikamwini. Ndinamanga nyumba ya njerwa zowotcha pa malo a makolo ake, ndinabzala nthochi kuseri, ndipo Mulungu anatipatsa mwana wamkazi, Tadala. Enelesi anali mkazi wabwino, wosakonda zolongolola. Vuto langa linali mayi ake.

Apongozi angawo amagulitsa nthochi pamsika wa m'mbali mwa msewu, ndipo kunena zoona ndi munthu wolimbikira ntchito. Koma pakamwa! Mukudziwa kuti apongozi ndi mkamwini sayang'anana m'maso ndipo sayankhulana mwachisawawa. Iwo anapeza njira yawoyawo: ankayankhula ndi nkhuku. Tiyi amaphuka kwambiri nthawi ya mvula, ndipo chilimwe chikafika masamba amachepa, ambiri a ife amatiimitsa kuti tidikire dzinja. M'miyezi imeneyo ndikangokhala pakhonde ndi gitala, ndinkamva mawu kuchokera pa bwalo lawo: "Tambala iwe, ntchito kulira basi! Chimanga cha eni ake ukudya, koma chimene wabweretsa pakhomo pano sitichiona." Pakhomopo panalidi tambala, ndiye ukanadandaula bwanji? Ndipo mkamwini sayankha apongozi. Mawuwo ankangowunjikana mumtima.

Tsiku lina tikupalira nthochi ndinamuuza Enelesi kuti ndatopa. Iye anaika khasu pansi n'kundipempha kuti ndiwapirire mayi ake, ndipo pofuna kuti ndiwamvetse anandiululira chinsinsi cha pabanja pawo. Mudzi wonse unkadziwa kuti bambo ake anamwalira ali ku Mozambique kumene anapita kukaona abale. Zoona zake zinali zakuti bambowo anathawa banja. Anachoka m'mawa wina Enelesi ali wamng'ono, n'kusiya jombo zawo za mphira zogwirira ntchito kuseri kwa chitseko ngati munthu amene abwere madzulo, koma anakakwatira kwina. Mayiwo chifukwa cha manyazi anauza anthu za imfa. Jombozo anazisunga pansi pa bedi, ndipo zaka zonsezi ankazitulutsa mwakabisira n'kuzipukuta. Odziwa zimenezi anali atatu okha: mayiwo, Enelesi ndi atsibweni ake, ndiye kuti alongo awo a mayiwo.

"Ndakuuzani chifukwa ndinu amuna anga," anatero Enelesi. "Musadzauze munthu, bambo a Tadala."

Munthu wanzeru akanamva chisoni. Ine ndinamva ngati ndatola mpeni. Sabata yomweyo ndinapeka nyimbo ya mkamwini amene akudandaula za apongozi oyankhula ndi nkhuku. Ndime ziwiri zoyambirira zinali zoseketsa chabe. Ndime yachitatu ndi imene inali ndi ululu: inkawauza apongoziwo kuti asiye kulalatira tambala wa eni, chifukwa wawo anathawa pakamwa pawo n'kusiya jombo zokha, ndipo ngakhale azipukute bwanji jombo siziyenda zokha kubwerera kunyumba. Nditamaliza ndinadziwa kuti ndapeka chinthu chabwino kuposa zonse zimene ndinapekapo. Ndinadziwanso kuti sindingaiimbe. Tinali ndi kagulu kathu ka anyamata anayi a pa esiteti, koimba pa maukwati, ndipo mawu anga aliyense m'deralo amawadziwa.

Nyimboyo ikanafera m'mutu mwanga pakanapanda wailesi. Lamulungu lina masana ndinkamvera pologalamu ya nyimbo zakale, ndipo muulutsi anaika nyimbo ya anyamata a ku Mangalande ya m'nthawi ya agogo athu. Inali ya magitala olira mwamsangamsanga, ng'oma yothamanga, anthu akuwomba m'manja. Itatha, muulutsiyo anafotokoza kuti nyimboyo inakhala nambala wani m'dziko lonselo, koma amene anaiimba si amene anaipeka. Anaipeka ndi anyamata a gulu lina, n'kuwapatsa anzawowo kuti aimbe. Mawu amenewo anandilowa. Ndinati eya, njira ndi imeneyi: nyimbo ituluke, mtima wanga upepuke, koma pakamwa pakhale pa munthu wina. Ndinatengeranso kathamangidwe ka magitala aja n'kukasakaniza ndi kamvekedwe ka ng'oma za tchopa, nyimbo yanga n'kukoma kowirikiza. Paja amati safunsa anadya phula. Sindinadzifunse ngati anyamata a ku Mangalandewo anali akamwini, kapena ngati anaikamo chinsinsi cha munthu m'nyimbo yawoyo.

Ndinali ndi mnzanga Dikisoni amene tinakulira limodzi m'nyumba za kampani. Iye anapita ku Limbe n'kuyambitsa gulu loimba, koma linali lisanadziwike. Atabwera ku maliro ena ku Makwasa ndinamukokera kuseri kwa golosale n'kumuimbira. Anaseka mpaka misozi, kenako anatulutsa foni n'kundiuza kuti ndibwereze akujambula. Anandifunsa kawiri konse ngati ndikufuna kuti dzina langa lidzatchulidwe.

"Usadzanditchule, aphiri," ndinamuyankha. "Ngakhale akufunse ndani, nyimboyi ndi yako."

Mawu amenewo ndinawanena ndekha, foni ikujambula, popanda wondikakamiza. Ndikawakumbukira ndimafuna kudziluma.

Ine ndinkaganiza kuti nyimboyo idzamveka kawiri katatu m'mabala a ku Limbe n'kuiwalika. Mvula itayamba, ife titabwerera m'minda ya tiyi, inatulukira pa wailesi. Posakhalitsa inakwera mpaka pamwamba pa nyimbo zimene omvera amasankha, ndipo inakhala pamenepo masabata ambirimbiri. Akabaza ankaiika, maminibasi ankaiika, ana ankaiimba popita kusukulu. M'munda, dengu lili kumsana, wina akangoyambitsa, mzere wonse wa othyola unkavomera, makamaka amuna, pakuti ambiri a ife kuno ndife akamwini ndipo aliyense ankaona ngati akunena za kwawo.

Inu owerenga, simungamvetse kuwawa kwake ngati simunapekepo kanthu. Anthu akuimba mawu ako, akuseka pamene unafuna kuti aseke, koma akutamanda munthu wina iwe uli pomwepo. Pa sikelo, poyeza masamba, nkhani inali ya nzeru za Dikisoni. Tsiku lina kapitawo wathu anandiyang'ana n'kunena pagulu: "Iwe ndi kagitala kako kaja, bwanji osapeka zoterezi? Ukungotha zingwe pa maukwati." Anthu anaseka. Ine ndinasekanso nawo, koma tsiku limenelo ndinathyola tiyi mwaukali mpaka masamba anga anawabweza kuti ndasakaniza ndi okhwima.

Kunyumba nako zinthu zinasintha. Enelesi nayenso anaimva nyimboyo pa wailesi. Mawa lake, tili awiri, anandifunsa mosazungulira ngati ndinauzapo munthu za jombo zija. Ndinakana. Anafunsanso, akundiyang'anitsitsa. Ndinaika dzanja pamutu pa Tadala n'kulumbira kuti sindikudziwapo kanthu, ndipo ndinawonjezera kuti amuna othawa mabanja ndi ambiri, jombo nazonso zili m'nyumba iliyonse ya wantchito wa pa esiteti. Iye anangoti chabwino, ndipo anandikhulupirira chifukwa sankaganiza kuti bambo angalumbire zabodza pa mwana wake.

Apongozi anasiya kuyankhula ndi nkhuku. Kumsika kuja nyimboyo inkalira m'magolosale kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo iwo anayamba kuweruka dzuwa likadali pamutu, nthochi zosatha. Anaonda. Ndinaziona zonsezi, ndipo ndivomere mwamanyazi kuti mumtima ndinkati alawe nawonso. Sindinaganize kuti mayi wachikulire akukhala tsiku lonse akumva bala lake likuimbidwa, anthu akuvina, iye osatha kuuza aliyense. Maganizo anga onse anali pa dzina langa limene silinkatchulidwa.

Ndinamuimbira foni Dikisoni kumupempha kuti mwina azingonena kuti nyimboyo anathandizana ndi mnzake wa ku Thyolo. Anandikumbutsa kuti ndinakana ndekha. Patapita masiku ndinamumva pa wailesi akufotokoza, mosaphethira n'komwe, kuti nyimboyo inamubwerera ali m'basi ndipo anailemba pa chikuto cha kope. Kope! Munthu amene kusukulu ankakopera kwa ine! Kuyambira pamenepo anasiya kuyankha foni yanga. Ndinkayenda ndikudziyankhulira ndekha m'njira za m'minda ya tiyi ngati wamisala.

Kenako tinamva kuti gulu lake libwera kudzaimba Loweruka masana pa bwalo la mpira pafupi ndi kwathu. Anthu anadzaza ngati kuli msonkhano wa chipani. Enelesi anapita ndi azisuweni ake, ine ndinapita ndi anzanga a kuntchito. Ndisaname, ndinali nditalawako pang'ono, koma sindinaledzere, ndipo sindikufuna kunamizira mowa. Ndisanalowe ndinayesa kumupeza Dikisoni kuseri kwa nsanja kuti tingoyankhulana, koma anyamata ake ananditsekereza. Iye anandiona bwinobwino, n'kundikwezera dzanja ngati mmene amachitira ndi munthu wina aliyense womutsatira.

Atafika pa nyimbo ija, anaimitsa kaye magitala n'kunena kuti akuthokoza Mulungu amene anamupatsa mphatso yopeka nyimbo imeneyi. Anthu anakuwa. Ine sindikudziwa kuti ndinadutsa bwanji pakati pa chikhamu chija, ndinangozindikira ndili pa nsanja, maiki ili m'manja mwanga. Ndinakuwa kuti nyimboyi ndinapeka ndine, uyu ndi wakuba. Bwalo lonse linafa ndi phwete. Wina anakuwa kuti nayenso ndi amene anapeka, wina kuti ndikathyole tiyi. Kuseka kumeneko ndi kumene kunandimaliza. Ndinafuna umboni woti uwatseke pakamwa, ndipo umboni umene ndinali nawo unali umodzi wokha.

"Ngati mukukana, tiyeni kwathu mukaone!" ndinakuwa. "Jombozo zilipo, zili pansi pa bedi la apongozi anga! Amuna awo sanamwalire, anathawa!"

Ndinatchula mudzi. Ndinatchula ndi malo amene amagulitsira nthochi. Anyamata aja anandilanda maiki n'kunditsitsa ngati thumba, Dikisoni anapukusa mutu akuseka, magitala anayambiranso, anthu n'kupitiriza kuvina. Kwa ochokera kutali ndinali chidakwa chabe chimene chasokoneza dansi. Koma nditadzuka pansi paja ndikudzisansa fumbi, ndinamuona Enelesi ataima chapatali, dzanja lili pakamwa. Anatembenuka n'kumapita.

Nazi zimene zimandipweteka kwambiri: pa anthu onse aja amene ndinkafuna kuti andikhulupirire, palibe anandikhulupirira. Amene anandikhulupirira ndi a m'mudzi mwathu okha, amene sindinkafuna kuti adziwe. Pofika Lolemba nkhani inali ponseponse. Azimayi amene anawapepesa apongozi pa imfa ya amuna awo zaka zapitazo anayamba kunong'onezana pa mjigo. Achinyamata ankadutsa pamsika paja akuimba ndime yachitatu mokweza, ena ankafunsa mtengo wa nthochi kenako n'kufunsa ngati jombo nazonso akugulitsa. Apongozi anasiyiratu kupita kumsika. Enelesi anasamukira m'nyumba ya mayi ake pamodzi ndi mwana, ine n'kutsala ndekha m'nyumba imene ndinamanga, pa bwalo limene panalibe wondipatsa moni.

Patatha sabata anaitanitsa ankhoswe. Kumbali yanga kunabwera achimwene anga, kumbali ya Enelesi atsibweni ake aja. Tinakhala pansi pa mtengo wa mapeyala. Ndinayesa kudziteteza kuti inali nyimbo chabe, kuti nanenso ndinkanyozedwa tsiku ndi tsiku kudzera kwa tambala. Atsibweniwo anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anandifunsa chifukwa chake sindinapite nazo kwa ankhoswe, poti ntchito yawo ndi imeneyo. Zoonadi, pa zaka zonse zija sindinapitepo n'kamodzi komwe kukadandaula mwa njira yake.

Kenako panachitika chinthu chimene sindinachionepo chikwatirire. Apongozi anatembenuka n'kundiyang'ana m'maso, n'kuyankhula ndi ine mwachindunji.

"Pakamwa panga ndimapadziwa, bambo, ndipo ndinakulakwirani," anatero. "Koma mukanangondimenya, bala likanapola. Inu mwandivula pamsika, ndipo nsalu yoti ndifunde kulibe."

Ndinagwada n'kupepesa, ndipo ndinkapepesa zochokera pansi pa mtima. Achimwene anapempha kuti andilipiritse mbuzi kapena chilichonse, banja lipitirire. Atsibweni anati mwini nkhani ndi Enelesi. Iye anayankhula motsitsa mawu, maso ali pansi. Anati nyimboyo mwina akanaikhululukira, pakuti mkwiyo umapangitsa zambiri. Chimene sangathe ndi kugona m'nyumba imodzi ndi munthu amene anagwira mutu wa mwana wake n'kulumbira bodza. Nkhani inathera pomwepo.

Mkamwini akamachoka sanyamula nyumba. Njerwa zanga, nthochi zanga, mwana wanga, zonse zinatsala. Ndinatenga bulangete, zovala ndi gitala, ndipo tsopano ndimakhala m'kachipinda kamodzi ku nyumba za kampani. Ndinayesa kufunsa kwa odziwa za malamulo a nyimbo ngati ndingathe kulanditsa dzina langa. Anandifunsa umboni. Umboni wokhawo ndi zimene Dikisoni anajambula pa foni tsiku lija, ndipo m'menemo muli mawu anga akunena kuti nyimboyo ndi yake. Anzanga a kagulu kathu nawonso anandiuza kuti eni maukwati sakufuna woimba amene amaulula za m'nyumba. Ndiye dzina ndilibe, banja ndilibe, ndipo nyimbo ikulirabe.

Dikisoni ndimamukwiyira, inde, ndipo sindikuona kuti ndidzasiya msanga. Koma ndikakhala pansi ndimapeza kuti iye anangotola chimene ine ndinataya. Kuba kwenikweni ndinachita ndine, pamene ndinatenga mawu amene mkazi wanga anandisungitsa n'kukawasandutsa chovinira.

Inu owerenga, makamaka akamwini anzanga, ndikudziwa kuti pa chikamwini pamakhala zowawa zimene munthu sungayankhe. Zikakukwanani pitani kwa ankhoswe, ngakhale kakhumi, mpaka atope nanu. Chimene mkazi wanu wakuuzani muli awiri si chanu, wangokusungitsani, ndipo musachigwiritse ntchito ngati chida ngakhale mutapsa mtima bwanji. Inu amene muli ndi luso lopeka, ganizani kawiri musanapereke nyimbo yanu kwa wina. Ngati mukuchita manyazi kuti dzina lanu likhalepo, ndiye kuti nyimboyo siyoyenera kutuluka n'komwe. Musadzinamize ngati ine kuti mudzapirira anthu akamatamanda wina, chifukwa mtima wa munthu sutero. Ndipo musalumbire pa mwana.

Mwezi wathawu ndinakumana ndi Tadala panjira akuchokera kusukulu. Amandilola kumuona, pa chimenecho sanandimane. Ndinamugulira chimanga chowotcha, tinakhala pa mlatho akudya. Atatsala pang'ono kumaliza anandiyang'ana n'kunena kuti anzake amamuseka, amamutcha mdzukulu wa ajombo, ndipo agogo ake masiku ano satuluka m'nyumba.

"Ababa, akuti nyimbo ija munapeka ndinu. Ndi zoona?"

Kwa chaka chathunthu ndinkalakalaka munthu mmodzi yekha woti andifunse funso limeneli, kuti ndidzigugude pachifuwa n'kuvomera. Wondifunsa anapezeka, ndipo anali mwana wanga. Ndinamuuza kuti inde, ndine. Iye anaika chitsononkho pansi bwinobwino, ananyamula chikwama chake, n'kunena kuti akuchedwa, amayi akumudikira.